Mbiya Yapita Kwawo

Atanditumiza ku Mchinji kukayang'anira nyumba yosungiramo zinthu zakale, anzanga a ku likulu anandipepesa ngati ndafedwa. Ine chopepesera sindinachione. Ndine wa ku Thyolo, wobadwira m'banja la anthu amakani, ndipo ntchito yosuntha mapepala kuchoka patebulo ili kupita patebulo ilo inali itandikwana. Ndinamanga matiresi, mbaula ndi mapoto, n'kukwera basi ndi ana anga aakazi awiri.

Nyumbayo inali ya nthawi ya atsamunda, ya zipinda zitatu ndi khonde lalitali, m'mbali mwa msewu wopita kumalire a Zambia. Dzina lake la m'makalata anthu analibe nalo ntchito, ankangoti kuzakale, ndipo ine ndinasanduka amayi a kuzakale ndilibe ndi imvi imodzi yomwe. M'katimo munali zishango ndi nthungo za Angoni a kwa Zulu, makasu osula pamanja, misampha ya mbewa, ng'oma ziwiri zong'ambika, zithunzi zakale za ku Ludzi ndi ku Kachebere, komanso mileme yosawerengeka imene boma silinkadziwa kuti likusunga. Kulowa kunali kwaulere, komabe anthu sankalowa. Alendo athu okhulupirika anali mbuzi ndi anthu ousa mvula. Antchito tinalipo awiri, ine ndi alonda, bambo wachikulire wa komweko amene ankasesanso pabwalo.

Chinthu chimodzi chokha n'chimene chinkamuimitsa munthu, ngakhale wousa mvula yemwe. Inali mbiya yaikulu, yondifika m'chiuno, yakuda ndi yosalala, m'khosi mwake muli timizere tokhotakhota. Inkakhala pankhata ya udzu pakati pa chipinda chachikulu. Ana akasuzumiramo n'kukuwa, mawu awo ankabwerera atanenepa.

Ndisanazolowere n'komwe, m'mawa wina pakhomo panaima ngolo. Munatsika mayi wamfupi, wokalamba koma wolimba, fodya ali mbuu pamphuno. Tinapatsana moni mwaulemu wonse, kenako anati, "Ndabwera kudzatenga mbiya yanga. Mdzukulu akukwatiwa."

Ndinaseka poyesa nthabwala. Alonda ndiwo ananditsina khutu. Mayiwa, a kwa Zulu, ndiwo anaiumba mbiyayo akadali mtsikana, ndipo anaipereka kwa bambo amene ine ndinalowa m'malo mwawo, pa pangano la pakamwa. Izikhala kuno anthu aziiona, koma kwawo kukakhala ntchito izipita, ntchitoyo ikatha izibwera.

"Zimenezo zinalembedwa pati?" ndinafunsa.

"Pati?" anatero mayi aja, akundiyang'ana kuyambira kunsapato. "Mwana wanga, boma lidabwereka, silidagule. Thobwa timaphika mumgolo, inde, koma kugona limagona m'mbiya. La mumgolo limanunkha chitsulo. Ndipo mbiya ikakhalitsa osalawa kanthu imauma, tsiku lina mudzangoipeza yang'aluka yokha. Kapena mukufuna muzisunga mapale?"

Ndimakonda munthu wolankhula mosapsatira, chifukwa nanenso ndine wotero. Ndinalola. Ukwati utatha mbiya inabwera, m'kati mwake muli mtedza wosaswa mpaka pakati. Nditafunsa kuti mtedzawu ndi wa yani, mayi aja anadabwa. "Chiwiya cha mnzako sichibwerera chopanda kanthu. Kwanu ku Thyolo sadakuphunzitseni?" Anatiphunzitsa ndithu, koma sindinkadziwa kuti mwambowu umagwiranso boma.

Kuyambira pamenepo mbiya inkapita ndi kubwera, nthawi zina ndi maungu, nthawi zina ndi mbatata, kamodzi ndi tambala womanga miyendo amene anatilandira ndi phokoso titavundukula. Mayi aja anasanduka mnzanga. Akabwera kumsika ankapatuka kudzaiona mbiya yawo, n'kundisimbira mmene ankasenzera miphika kukagulitsa ku Chipata, ndi kundinena kuti maluwa anga ndikuwathirira ngati munthu wokakamizidwa.

Patapita zaka zingapo anatiitana tonse ku Lilongwe. Bwana watsopano, munthu wophunzira ndi wakhama amene sindidzamunenera zoipa, anatiuza mosabisa kuti thumba la boma silingatisenzenso, nyumba iliyonse izidzidyetsa yokha. Yolephera idzatsekedwa, katundu wake adzapita kunkhokwe ya ku likulu, antchito adzatumizidwa kwina. Anzanga anang'ung'udza kuti chikhalidwe si tomato. Ine ndinaomba m'manja ndekha, onse n'kunditembenukira. Denga lathu linali likudontha pamwamba penipeni pa zishango, ndipo ndalama ya malata tinkangoilonjezedwa chaka ndi chaka. Ndinali nditaonanso kuti chinthu chaulere anthu amachiyesa chachabe. Ndinabwerera ku Mchinji mutu utadzaza nzeru.

Ndinaika mtengo pakhomo. Anthu a komweko ankapereka ndalama yochepa, ana asukulu mtengo wa chitumbuwa, alendo akunja yokwererapo. Ndinapeza wojambula amene ankalemba zikwangwani za magolosale ndi malo ometera, ndipo anajambula mbiya ija pachikwangwani chachikulu cha pamsewu, yonenepa kuposa yeniyeniyo. Ndinalengezetsa m'matchalitchi kuti akwati angathe kudzajambulitsa pakhonde, ndipo mkwati woyamba anaumirira kuti ajambulidwe atagwira chishango, suti ili m'thupi, mpaka ankhoswe ake anachita kumukokera kugalimoto. Ndinakonzetsa chimbudzi, n'kuikamo madzi ndi sopo. Ndinene zoona, chaka choyamba chimbudzicho chinatidyetsa kuposa zishango zonse za Angoni, chifukwa wapaulendo wothinidwa sanenerera mtengo. Manyazi ndinalibe nazo. Wotuluka m'menemo ndinkamuuza kuti lisiti lake lomwelo likumulola kukaona mbiya, ndipo ambiri ankalowa akupukuta m'manja.

Oyandikana nafe sanakondwe. "Tizilipira kuti tione makasu a makolo athu?" ankatero kuchigayo ndi kumjigo, ndipo ena anayamba kundipatsa moni wa m'mphuno. Tsiku lina la msika mayi woumba aja anafika pakhomo, anthu ataima pamsewu kuti aone ngati nawonso ndiwalipiritse. Alonda anachita manyazi, anafuna kuwalowetsa mwakachetechete. Iwo anakana. Anamasula mpango, n'kuika mazira patebulo.

"Denga likadontha pambiya yanga mudzakonza ndinu?" anafunsa mokweza, akuyang'ana anthu a pamsewu aja. Kenako anatembenukira kwa ine. "Lipiritsani, mwana wanga. Bola mbiya isaiwale kwawo."

Palisiti la boma palibe malo a mazira, choncho ndinawagula ndekha n'kuponya ndalama m'bokosi. Mbiri itamveka, anthu anayamba kubwera ndi mazira, mtedza ndi nzimbe. Ana anga anadya mazira mpaka kuwakana.

Pamodzi ndi malisiti kunabweranso lamulo lina. Katundu yense anapatsidwa nambala, mbiya inazunguliridwa ndi chingwe, ndipo tinauzidwa kuti chinthu chilichonse chisatuluke pakhomo. Ndinawafotokozera bwana za pangano lija. Anati zimenezo zinali zakale, tsopano tili pabizinesi, ndipo wamalonda sabwereketsa katundu wa pashelefu. Sindinalimbane nawo, chifukwa chaka chimenecho kwa Zulu kunalibe ntchito yofuna mbiya.

Dzinja lotsatira mayi aja anamwalira. Ndinapita kukakhuza, ndinakhala kuseri kwa nyumba ndi azimayi anzanga tikudula kabichi, ndipo ndinalira zenizeni. Munthu wokunena pamaso sapezeka wamba.

Itafika nyengo yokolola ya chaka chinacho, anthu atagulitsa fodya, bwana anaimba foni. Anati tayesetsa ndithu, koma zimene tikupeza n'zosakwana, ndipo nyumba yathu ili pakati pa zoti zitsekedwe. Mwayi unalipo umodzi. Bambo wina wa kampani yonyamula alendo okaona nyama ku Zambia ankafuna malo oti galimoto zake ziziima panjira. Anali ataona chithunzi cha mbiya, n'kuikonda. Bwana abwera naye Loweruka. "Akakhutira, mwapulumuka," anatero. "Akapanda kukhutira, ine ndilibenso mawu okutetezerani."

M'sabata yomweyo ngolo inaima pakhomo. Anali mwana wamkazi wa malemu aja, mayi wa msinkhu wanga, mlimi wa fodya ndi mtedza, wofatsa ngati sanabadwe kwa munthu wapakamwa chonchija. Anakana mpando, anakhala pansi pakhonde n'kutambasula miyendo.

"Amayi, Loweruka tikuvundukula chiliza cha amayi athu," anatero. "Tati thobwa lawo ligone m'mbiya yawo."

Ndinamufotokozera za lamulo latsopano ndi za mlendo wa Loweruka, n'kufunsa ngati tsikulo lingasunthidwe. Sizikanatheka. Abale a ku Zambia ndi ena ogwira ntchito m'maesiteti anali atauzidwa kale, akuluampingo atavomera, chimera chitasinjidwa.

Anapotokola nsonga ya chitenje. "Ngati lamulo likukana, musadzivute," anatero potsiriza. "Tithira m'zigubu. Sitidabwere kudzakuchotsetsani ntchito, muli ndi ana." Anayamba kudzuka.

Akanakalipa monga mayi ake, mwina ndikanalimba mtima n'kukana. Kufatsa kwakeko ndiko kunandigonjetsa. Ndinamuuza kuti adikire pang'ono.

Anthu amati tsiku limenelo ndinangogwidwa chifundo. Chifundo chinalipo, sindikana, koma ndinaganizanso ngati wamalonda. Mlendo ndi mame. Galimoto za alendo zimaima kanthawi n'kumapita, pamene anthu a kwa Zulu ndi amene tidzakhale nawo mpaka tsiku lotseka. Mbiya ikanalephera kupita kuchiliza cha woiumba, midzi yonse ikanadziwa kuti chinthu chikalowa kuzakale ndiye chamezedwa, ndipo palibe akanatibweretseranso ngakhale chipande chothyoka. Golosale ya munthu wosasunga pangano sindinaionepo ikukhalitsa.

Ndinawaimbira bwana pomwepo, kuti asadzamve kwa ena.

"Mayi, musayerekeze," anatero. "Nkhwangwa yobwereka sichedwa kuguluka. Ikasweka mudzayankha nokha."

"Ndidzayankha, bwana. Mutu ukakula sulewa nkhonya."

Anadula foni. Tinaika tayala lakale m'ngolo, tinayalamo udzu, n'kukhazika mbiya bwinobwino. Alonda ankangopukusa mutu, koma mfundo yomaliza ya chingwe anamanga ndi iwowo.

Loweruka ndinakolopa nyumba yonse, ndinavala suti yanga ya kutchalitchi. Bwana anafika ali ndi nkhope ya munthu woyembekeza kuti ndinangowaopseza. Atalowa m'chipinda chachikulu anapeza nkhata yokha pakati pa chingwe, pambali pake pali katoni imene ndinalembapo kuti, "Mbiya yapita kwawo. Ibweranso." Nkhope yawo inagwa.

Mlendoyo anali wachinyamata, wa magalasi akuda, waulemu wake. Anayendera zishango ndi makasu mofulumira, n'kudzaima pankhata paja.

"Ndiye mbiya ija ndi imeneyi?" anafunsa akumwetulira.

Ndinamusimbira zonse, kuyambira pa pangano mpaka pa chiliza. Anavula magalasi, maso akuwala.

"Zimenezi ndiye zogulitsa, amayi," anatero. "Tiyeni komweko tikajambule. Alendo anga angalipire bwino kuti aone mwambo wotere. Mungatikonzere kuti uzichitika mwezi uliwonse?"

Bwana anandiyang'ana ndi maso opempha. Ndinawamvetsa, nawonso anali ndi owafunsa kumwamba kwawo.

"Achimwene," ndinatero, "mayi amamwalira kamodzi, chiliza chake chimavundukulidwanso kamodzi. Pano ndimagulitsa zambiri, ndi chimbudzi chomwe, koma chimenecho si changa. Ngati mukufuna kupita ngati anthu, kukapereka moni ndi kumwa thobwa, tiyeni, pachiliza sathamangitsa munthu. Koma makamera atsale m'galimoto."

Anayang'ana wotchi, nati ali ndi ulendo wa kumalire, tiimbirana. Aliyense amadziwa tanthauzo la tiimbirana. Polowa m'galimoto bwana anandiyandikira n'kunena chapansipansi, "Mwalavula nyama ili kale m'kamwa. Muziyamba kulongedza."

Masana ndinakwera kabaza kupita kwa Zulu. Panjira mantha anandigwira, sindibisa. Ndinaganiza za ana anga amene anali atazolowera sukulu ndi anzawo, ndiponso za mbiya ili m'nkhokwe ya ku Lilongwe, kumene ngolo singafike kukaitenga. Ndinapeza mapemphero atatha, anthu atakhala m'magulu pansi pa mitengo ya mango. Mbiya inali pamthunzi, yovundikira ndi lichero, azimayi akutunga ndi kugawa. Mwana wa malemu uja anatunga chikho n'kundipatsa atagwada. Thobwalo linali lozizira, lonunkhira dothi. Ndinamwa, ndinapemphanso lina, ndipo mantha anachepa ngakhale sanathe.

Ngolo inabwera pakati pa sabata, azimayi angapo akuyenda pambuyo pake osaimba. Ndinadziwiratu kuti pali kanthu. Mwana wa malemu uja anagwada, n'kumasula nsonga ya chitenje. Munali kaphale kotalika ngati chala, ka pamlomo pa mbiya. Ng'ombe zinadzidzimuka powoloka khwawa, mbiya n'kugunda thabwa la ngolo.

"Tapalamula, amayi," anatero.

Mawu a bwana a nkhwangwa aja anandibwerera onse. Koma walira mvula walira matope. Ndinalandira kaphaleko ndi manja awiri.

Titaitsitsa ndinasuzumiramo. Ulendo uno munalibe mtedza. Munali kansalu kokulunga zipangizo za malemu, chigoba cha nkhono chopalira, chitsononkho, ndi kamwala kosalala kokulungira miphika. Pansi pake panali dothi loumbira, lonyowa, lofundika ndi masamba a nthochi.

"Alonda adatiuza kuti kuno akufuna kutseka, mbiya ipite ku Lilongwe," anatero mwana wa malemu uja. "Tidakhala pansi. Ndalama tilibe, koma tonse mukutiona panofe adatiphunzitsa kuumba ndi amayi. Tibwerekeni khonde. Tiziumba anthu akuona, tikagulitsa gawo lina lizitsala kuno."

Ndinatembenuka kuyang'ana alonda. Anali atatanganidwa kusesa pamalo posesa kale.

Za kaphale ndinanena ku likulu tsiku lomwelo, ndipo kalata yondichenjeza sinachedwe. Ndikadali nayo, imakhala m'Baibulo. Kaphaleko sindinakamate, ndinangokaika pambali pa mbiya. Mwayi wathu unali wakuti zinthu za boma siziyenda mothamanga. Nkhani yotseka inaimikidwa mpaka kutha kwa chaka, ndipo ine sindinalongedze ngakhale supuni.

Masiku a msika azimayi aja ankafika m'mawa, n'kuyala masaka pakhonde. Poyamba ankachita manyazi kuumba anthu atawazungulira, koma sizinatenge nthawi, anayamba kukalipira oonerera otchinga kuwala. Madalaivala a mathiraki odikira mapepala a kumalire ankabwera kudzamwa thobwa la mumtsuko, n'kugulirako akazi awo mbaula zadothi. Aphunzitsi ndi anamwino a paboma ankagula miphika ya maluwa. Ana asukulu, amene m'katimo ndinkawaletsa kugwira chilichonse, pakhonde ankaloledwa kukanya dothi mpaka yunifomu kusintha mtundu, ndipo makolo awo ndimawapepesabe. Munthu akaona dothi likusanduka mphika ankafuna kuonanso mbiya yaikulu ija, ndipo ankalipira osanyinyirika. Chimene ankafunsa kwambiri chinali kaphale kaja. Ndinasimba nkhani yake mpaka alonda anaiphunzira, n'kuyamba kuisimba okha, ng'ombe zikunka zikula ndi khwawa likunka lizama.

Kenako kunayamba chimene sindinachiyembekeze msanga chotero. Bambo wina wa ku Kachebere anabwera ndi mvukuto wa agogo ake amene anali osula, nati akuusiya pa pangano la mbiya. Tenanti wina wa pa esiteti ya kufupi ndi Ludzi, Mlomwe mnzanga, anabweretsa sansi ya bambo ake, pa pangano la mbiya. Ena anabweretsa mitondo, mikanda, ndi ng'oma yosang'ambika. Chipinda chachitatu, chimene chinali cha mileme, chinadzaza. Akuluakulu sananame, kupatsa n'kuika. Ngakhale galimoto za bambo wa magalasi akuda uja zinayamba kuima, osati chifukwa cha pangano lililonse, koma alendo ake ankaona azimayi pakhonde n'kumuuza dalaivala kuti aime. Mwini wake akabwera ankanditchula amayi ovuta, ine n'kumulembera lisiti.

Sitinalemere, ndisaname. Koma malata tinagula tokha, mvula yoyamba inagwa zishango zili zouma. Kutha kwa chaka bwana anabwera. Anayang'ana kudenga, anayang'ana kaphale, anamwa thobwa ataimirira. Sananditamande, ndipo sindinkayembekeza kutero. Anangoti nyumba yathu siitsekedwa, koma kuyambira tsopano chinthu chikamapita kwawo pazikhala pepala losainira. Ndinavomera, chifukwa pamenepo anali kukhoza. Ponyamuka anasankha mphika wa maluwa woti akapatse akazi awo, n'kuyamba kulowera kugalimoto. Ndinawatsatira ndi buku la malisiti. Kanali koyamba kuwaona akuseka.

Zaka zapitapo. Imvi zija tsopano ndili nazo, dzina langa landipeza. Mwana wa malemu uja timaitanana asisi, ndipo ndi iye amatsogolera azimayi a pakhonde. Chaka chatha mwana wanga woyamba anapeza banja, tinakonza chinkhoswe. Abale anga a ku Thyolo anali kutali, oti adzangofika dzulo lake, choncho ndinaganiza zongogula zakumwa za m'mabotolo. Ndinkadziwa kuti chinkhoswe chopanda thobwa anthu amachinena, koma wobwera sangachite zonse.

M'sabata ya chinkhoswe, m'mawa wina, ngolo inaima pakhomo.

"Asisi, tabwera kudzatenga mbiya."

"Kuli chiyani kumudzi? Ine sindinamve kanthu."

"Lembani pepala lanu lija, ng'ombe zatopa kuima."

Ndinatenga pepala. Pofika pofunsa kumene chinthu chikupita, anati ndilembe monga mwa masiku onse, ndipo ndinalemba kuti kwawo. Tinaikweza patayala lake lija, tinamanga. Ngolo inanyamuka, koma sinakhotere kumsewu wa kwa Zulu. Inazungulira mpanda n'kukaima kuseri, pakanyumba ka boma kamene ndakhalamo zaka zonsezi. Nditafika ndinapeza migolo ili kale pamafuwa, azimayi a pakhonde akusefa chimera, mwana wanga ali pakati pawo akutola nkhuni, osandiyang'ana kumaso.

"Asisi," ndinatero, "pangano lija limati mbiya imapita kwawo kokha."

Anandiyang'ana monga mayi ake anandiyang'anira tsiku loyamba lija, kuyambira kunsapato.

"Nanga mwalemba kuti ikupita kuti?"

Ine si wolira pagulu. Ndinabwerera kuzakale, ndinalowa m'chipinda cha zishango n'kutseka chitseko, alendo awiri olipira kale akudikira pakhonde. Anadikira ndithu, ndipo ndalama yawo sindinabweze.